Update Ikasokoneza Kompyuta: Muilole, Mudikire, Muitseke Kapena Musamuke?

Mwamaliza ntchito, mukufuna kutseka laputopu kuti muzipita, koma pa sikirini pabwera mawu oti musazimitse kompyuta chifukwa ikuika update, kutanthauza zosintha zatsopano za mapulogalamu ake. Nambala yafika pa 30 peresenti n'kuima pomwepo. Mphindi khumi zadutsa, kenako theka la ola, nambala ija sikusuntha. Amene wakhala ndi kompyuta kwa zaka zingapo amaudziwa mtima wa nthawi imeneyi. Chala chimalunjika chokha pa batani lozimitsira, koma mantha amachibweza, poti palibe akudziwa ngati makinawo adzayakenso.

Anthu amathana ndi vutoli mosiyanasiyana, ndipo aliyense amaikira kumbuyo njira yake ndi mtima wonse. Tisanaziyerekeze, tikumbukire zinthu ziwiri zimene zinachitikadi, chifukwa mkangano wonse wagona pakati pa ziwirizi.

Pa 14 Marichi 2017 kampani ya Microsoft inatulutsa update yotseka mpata woopsa mu SMB, njira imene makompyuta a Windows amagawanirana mafayilo pa netiweki. Ambiri sanaiike. Pa 12 Meyi chaka chomwecho, patadutsa pafupifupi miyezi iwiri, pulogalamu yoipa ya WannaCry inalowera pampata womwewo n'kumanga mafayilo m'makompyuta oposa 200,000 m'maiko okwana 150. Zipatala za boma za NHS ku Britain zinalephera kuona odwala pafupifupi 19,000 amene anali atapatsidwa kale masiku. Mankhwala analipo, kungoti anthu sanamwe.

Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka. Mu Okutobala 2018 kunatuluka Windows 10 ya nambala 1809, ndipo ena mwa amene anaithamangira anapeza kuti mafayilo awo a mu Documents afufutika. Microsoft inaichotsa patangopita masiku ochepa, n'kudzaitulutsanso pa 13 Novembala itakonzedwa. Apa amene anachedwa ndiye anapulumuka.

Ndiye wochedwa analira mu 2017, wofulumira analira mu 2018. Aliyense wokuuzani kuti yankho ndi losavuta ndiye kuti akungokumbukira chimodzi mwa zaka ziwirizi.

Si update zonse zofanana

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo ndichedwapo pang'ono. Mawu oti update amaphatikiza zinthu zitatu zosiyana kwambiri.

Pali ma update a chitetezo a mwezi ndi mwezi. Ku Windows amatuluka Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, dongosolo limene linayamba mu Okutobala 2003 ndipo limatchedwa Patch Tuesday. Ntchito yawo ndi kutseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Akangotuluka, akubawo amawasanthula kuti aone chimene chatsekedwa, kenako n'kuyamba kusaka makompyuta amene sanatseke. Ndiye tsiku limene update yatuluka ndi tsiku limenenso chiopsezo chimakwera kwa wosaika.

Pali ma update akuluakulu osintha dongosolo lonse, monga kuchoka pa Windows 11 ya 23H2 kupita pa 24H2, kapena, pa makompyuta a Apple otchedwa Mac, kuchoka pa macOS Sonoma kupita pa Sequoia. Awa amabwera kamodzi pachaka, ndi aakulu, amatenga nthawi, ndipo ndi amene amathyola zinthu kwambiri. Palibe chifukwa cha chitetezo chokuthamangitsirani, malinga mtundu umene muli nawo ukulandirabe ma update a mwezi ndi mwezi. Pa Windows 11 Home ndi Pro, mtundu uliwonse umathandizidwa miyezi 24.

Achitatu ndi ma driver ndi firmware, timapulogalamu tolankhulitsa kompyuta ndi zida zake monga pirinta, khadi la zithunzi, Wi-Fi ndi zokuzira mawu. Nthawi zambiri munthu akamati update yandiphera mawu kapena yandithetsera Wi-Fi, wolakwa amakhala driver.

Mukasiyanitsa zitatuzi, funso limasintha. Silikhalanso loti ndiike kapena ndisaike, koma loti iti ndiike msanga, iti ndiidikiritse.

Kungoisiya izichita yokha

Iyi ndi njira ya anthu ambiri, osati chifukwa anaisankha, koma chifukwa kompyuta inabwera ili choncho. Ndipo kunena zoona si njira yoipa. Miyezi yambiri imadutsa popanda chovuta, ndipo mipata ya chitetezo imatsekedwa inu osadziwa n'komwe. Kwa munthu wosafuna kuganiza za makina, amene kompyuta yake ndi yolembera makalata, kuonera makanema ndi kulowa pa intaneti, ndingamusiye pomwepa.

Kuipa kwake n'kwakuti mumakhala m'gulu la oyamba kulawa. Mu Marichi 2021 update ya mwezi umenewo inkagwetsa makompyuta ena a Windows 10 munthu akangoti asindikize pa mapirinta a mitundu ina monga Kyocera ndi Ricoh. Mu Januwale 2024 update ya KB5034441 inkakana kulowa n'kumaonetsa nambala ya 0x80070643, chifukwa kachigawo ka disk kosungira zida zokonzera Windows kanali kochepa. Anthu ankayesa kambirimbiri, osadziwa kuti vuto si intaneti yawo. Mu Okutobala 2025 update ina inachititsa kuti kiyibodi ndi mawusi za USB zisagwire ntchito pamalo okonzera Windows 11, malo omwewo amene munthu amathawirako zinthu zikavuta, ndipo panadutsa masiku angapo kuti yokonza ituluke.

Ngati mwasankha njira imeneyi, konzani zinthu ziwiri. Ikani Active hours, maola amene mumagwira ntchito, kuti kompyuta isadzizimitse yokha muli pakati pa zochita. Windows imalola mpaka maola 18. Kenako zimitsani kabatani koti muzilandira ma update atsopano akangotuluka. Kabatani kameneka kamakubweretserani zoyeserera za kumapeto kwa mwezi, zimene sizofunika pa chitetezo. Walira mvula walira matope, koma palibe chifukwa choitanira matope owonjezera.

Kudikira pang'ono

Ndinene poyera kuti iyi ndi njira imene ndimaikonda. Ma update ovuta sabisala nthawi yaitali. Pakatha masiku atatu mpaka asanu ndi awiri, madandaulo amakhala atamveka, kampani yavomereza, ndipo kawirikawiri yokonza yatuluka kapena yolakwikayo yachotsedwa. Microsoft ili ndi tsamba lotchedwa Windows release health pamene imalemba mavuto odziwika a update iliyonse. Mphindi ziwiri zowerenga pamenepo zikhoza kukupulumutsani tsiku lathunthu.

Pa Windows pali batani la Pause updates limene limaimitsa ma update kwa sabata imodzi mpaka masabata asanu. Amene ali ndi Windows Pro akhoza kupitirira apo kudzera mu Group Policy, malo oikira malamulo a kayendedwe ka Windows: ma update a mwezi ndi mwezi angachedwetsedwe mpaka masiku 30, akuluakulu mpaka masiku 365. Ine ndingaike masiku 7 pa oyambawo, ndi miyezi itatu kapena inayi pa akuluakuluwo. Masiku 30 ndi ochuluka kwambiri pa chitetezo. Kumbukirani kuti pakati pa update ndi WannaCry panangodutsa miyezi iwiri, ndipo masiku ano akuba amafulumira kuposa apo.

Palinso chinyengo chaching'ono chodziwika bwino, kuuza Windows kuti intaneti yanu ndi metered connection, kutanthauza yowerengera data. Ikamva choncho imaleka kutsitsa zinthu zambiri payokha. Izi zimathandiza kwambiri amene amalumikiza kompyuta ku foni, poti update yaikulu imatha kudya magigabayiti angapo munthu asanazindikire. Koma dziwani kuti sizitseka zonse, ina yofunika kwambiri imadutsabe. Ndipo vuto lalikulu ndi kuiwala. Munthu amaika metered lero, n'kudzakumbuka patatha chaka.

Kudikira kuli ndi malire amodzi. Nthawi zina update imatuluka kudzatseka mpata umene akuba ayamba kale kuugwiritsa ntchito. Zikamveka choncho, sabata yodikira ija iiwaleni, ikani tsiku lomwelo.

Kwa a Mac nkhani ndi yomweyo. Mu Novembala 2020, macOS Big Sur itangotuluka, ma MacBook Pro ena a mainchesi 13 a m'zaka za 2013 ndi 2014 anangoda sikirini osayakanso. Mu Marichi 2024, macOS Sonoma 14.4 inasokoneza ma USB hub ena (tizida tochulukitsa malo olumikizira USB), mapirinta ndi mapulogalamu a Java, mpaka 14.4.1 itabwera kumapeto kwa mwezi womwewo. N'chifukwa chake ojambula nyimbo ndi okonza makanema ambiri sakhudza macOS yatsopano mpaka opanga mapulogalamu awo atanena kuti zikuyenda. Ubwino wake, pa Mac mukhoza kulola ma update a chitetezo okha kuti azilowa, aakuluwo n'kumawasankhira tsiku nokha.

Kuitsekeratu

Pali anthu amene update inawapwetekapo kamodzi n'kulumbira kuti basi. Amazimitsa service ya Windows Update, kapulogalamu kogwira ntchito mosaoneka kamene kamaika ma update, amasintha za mu registry, mosungira makonzedwe a Windows, kapena amatsitsa timapulogalamu totsekera. Ndimawamvetsa. Koma mwa njira zonse, iyi ndi imene sindingalangize munthu aliyense amene kompyuta yake imalowa pa intaneti.

Choyamba, siigwira bwino. Windows ili ndi zida zake zodzutsanso service imene mwaizimitsa, ndiye mumapezeka mukulimbana ndi makina anu omwe. Chachiwiri, tsiku limene mudzafune kuika chinthu chatsopano chofuna Windows yaposachedwa, mudzapeza mulu wa ma update a zaka ziwiri, ndipo kulumpha kotalika choncho ndi kumene kumathyola miyendo. Chachitatu, ndipo chachikulu, kuopsa kwa njirayi sikuoneka. Update yoipa mumaiona tsiku lomwelo. Kompyuta yobedwa mapasiwedi imayenda bwinobwino, mwini wake n'kumanyadira kuti chitsekereni ma update sanavutikepo.

Malo amodzi okha amene njirayi ili ndi nzeru ndi pa kompyuta yoyendetsa makina akale, monga osindikizira kapena opimira, amene pulogalamu yake imangogwira pa Windows yakale. Pamenepo tsekani ma update, koma muzulenso chingwe cha intaneti, ndipo musamalowetsemo flash iliyonse yongotola.

Pamzere womwewu pali ma Windows osinthidwa amene amafalitsidwa pa intaneti, akuti opepuka, ochotsedwa ma update ndi zina zolemetsa. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Simungadziwe chimene wokonzayo anachotsa, ndipo choopsa kwambiri, simungadziwe chimene anaikamo.

Kukonza njira yobwerera

Kwa ine nkhani yonse yagona apa. Amene ali ndi njira yobwerera saopa update, ndipo amene alibe, kaya adikire kaya afulumire, akungodalira mwayi. Njira zobwerera zilipo zingapo, koma mphamvu zake si zofanana, ndipo anthu amazisokoneza.

Yofooka kwambiri koma yachangu ndi kuchotsa update imene yangolowa. Mu Update history muli Uninstall updates. Ngati kompyuta ikukana kuyaka, izimitseni ndi batani ikangoyamba kuonetsa chizindikiro cha Windows, kawiri kapena katatu motsatizana, ndipo idzalowa yokha pamalo okonzera. Pamenepo pali mwayi wochotsa update yaing'ono yomaliza kapena yaikulu yomaliza. Mukachotsa, imitsani ma update nthawi yomweyo, apo ayi yomweyo ibwereranso usiku womwewo.

Pa update yaikulu, Windows imasunga dongosolo lakale mu foda ya Windows.old kwa masiku 10 okha. Masikuwo akatha, foda ija imafufutidwa ndipo batani la Go back limafa. Anthu ambiri amazindikira vuto pa sabata yachitatu, pamene akufuna kugwiritsa ntchito pulogalamu imene saitsegula kawirikawiri. Masiku 10 aja akhoza kuwonjezedwa mpaka 60 ndi lamulo lochita kulemba pa kompyuta lotchedwa DISM, koma muyenera kutero asanathe. Ena amafufuta okha Windows.old pofuna malo pa disk, osadziwa kuti akugwetsa mlatho umene angafune kuwolokerapo. Langizo langa ndi loti m'masiku oyambawo muyese chilichonse: pirinta, kamera, mawu, mapulogalamu onse a ntchito.

System Restore imabweza makonzedwe ndi ma driver pamene analili tsiku lina lapitalo. Ndi yabwino pa driver yoipa. Koma pa makompyuta ambiri imakhala yozimitsa mpaka mwini wake aiyatse, ndipo siteteza mafayilo anu. Ikukhalanso pa disk yomweyo, ndiye disk ikafa imafera limodzi.

Yamphamvu kuposa zonse ndi backup yokhala kunja kwa kompyuta. Ili mitundu iwiri. Pali kukopera mafayilo okha pa hard disk yapadera kapena pa intaneti, ndipo pali kujambula disk yonse, yotchedwa system image, ndi mapulogalamu monga Clonezilla kapena Macrium Reflect. Yoyambayo imapulumutsa ntchito yanu, yachiwiriyo imapulumutsanso nthawi yanu, poti mu ola limodzi kapena awiri kompyuta imabwerera momwe inalili, mapulogalamu ndi makonzedwe onse ali m'malo. A Mac ali ndi pulogalamu ya backup yotchedwa Time Machine chiyambire 2007, ndipo kwa iwo ndi yofunika kwambiri, chifukwa kubwerera ku macOS yakale kumafuna kufufuta disk yonse kaye. Ndivomereze kuti inenso ndinaphunzira mochedwa. Ndinatayapo zolemba za miyezi itatu, ndipo ndikanakonda kuloza chala makina, koma hard disk yapadera inali m'kabati, yatsopano, ndisanaitsegule n'komwe. Madzi akatayika saoleka.

Chinthu china chimene chikugwira anthu ambiri masiku ano ndi BitLocker. Iyi ndi njira yokhomera disk kuti wakuba laputopu asawerenge za mkati. Makompyuta ambiri atsopano amabwera itayatsidwa kale, mwini wake osadziwa. Update ikakhudza firmware kapena kayatsidwe ka makina, BitLocker imatha kudzidzimuka n'kufunsa kiyi ya manambala 48. Zinachitikira anthu ena ndi update ya Julayi 2024. Kiyi imeneyi kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft, koma ngati munthu wina ndiye anakukonzerani kompyuta pogwiritsa ntchito akaunti yake, kiyiyo ili kwa iye. Popanda kiyi palibe katswiri angatsegule disk ija. Ipezeni lero kompyuta ikadayenda, muilembe papepala, muisunge kutali ndi laputopuyo.

Pa 19 Julayi 2024 dziko lonse linaona kufunika kwa zimenezi. Update yolakwika ya kampani ya chitetezo ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni malinga ndi chiwerengero cha Microsoft, ndege n'kuima, mabanki ndi zipatala n'kusokonekera. Sinali update ya Windows, ngakhale ambiri amaiika m'gulu limenelo. Kukonza kwake kunali kosavuta, kulowa mu Safe Mode (kuyatsa Windows ndi zofunika zokhazokha) n'kufufuta fayilo imodzi. Chimene chinachedwetsa mabungwe ambiri chinali kuyendera makina amodziamodzi ndi kusaka makiyi a BitLocker.

Update ikamangokana kulowa

Ili ndi vuto lina, losaopsa koma lotopetsa. Imatsitsa, imafika pa 90 peresenti, n'kunena kuti yalephera ndipo ikubweza zosintha. Musanathamangire zovuta, onani malo pa disk. Laputopu za disk ya 64 GB zimadzaza msanga, ndipo update yaikulu imafuna malo opumira. Chotsani zida zonse za USB zosafunika. Ngati muli ndi antivirus ya kampani ina, ikhoza kukhala ndi imene ikutchinga.

Zikakanika, pali malamulo awiri odziwika, sfc /scannow ndi DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, amene amafufuza ndi kukonza mafayilo owonongeka a Windows. Pali kuimitsa service ya update n'kusintha dzina la foda ya SoftwareDistribution, kuti zotsitsa zowonongeka zitayidwe n'kuyambiranso. Mukhozanso kutenga update yeniyeniyo pa Microsoft Update Catalog pogwiritsa ntchito nambala yake yoyamba ndi KB (monga KB5034441 ija) n'kuiika pamanja.

Pamwamba pa izi pali njira ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kufomata, kumene ambiri amathamangira, kumafufuta zonse n'kuyamba chatsopano. Kumagwira ntchito, koma mumataya tsiku lonse mukubwezeretsa mapulogalamu, ndipo pamakhala kena kamene mwaiwala kukopera. Njira inayo ndi kuika Windows pamwamba pa Windows yomweyo, kuchokera mu fayilo ya ISO (fayilo yokhala ndi Windows yonse yoikira), n'kusankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu. Imakonza mavuto ambiri a update popanda kutaya kanthu, ndipo ndimadabwa kuti ndi ochepa amaidziwa. Yesani imeneyi kaye. Kufomata kukhale komaliza.

Ndipo ngati Windows yanena kuti update yaikulu sinakonzekere kompyuta yanu, musaikakamize ndi ISO. Kawirikawiri ndiye kuti apeza driver kapena pulogalamu m'makina mwanu imene ikudziwika kuti ikugundana nayo, ndipo akuigwira dala mpaka atakonza.

Kusamuka

Funso ili lakula chifukwa Windows 10, imene inatuluka mu Julayi 2015, inasiya kulandira ma update wamba pa 14 Okutobala 2025. Makompyuta ambirimbiri amene akugwira bwino ntchito sangalandire Windows 11, chifukwa imafuna kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) yaposachedwa, kwa Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu, kwa AMD kuyambira Ryzen 2000.

Mu 2025 Microsoft inatsegula ndondomeko ya ESU ya Windows 10 yopatsa anthu wamba ma update a chitetezo okha mpaka 13 Okutobala 2026. Imeneyi ndi nthawi yolongedza katundu, si nyumba yatsopano.

Ena amalumpha mpanda. Pulogalamu ya Rufus imatha kukonza flash yoika Windows 11 mosayang'ana TPM kapena purosesa. Zimatheka, ndipo ambiri akuyenda nazo. Koma Microsoft imanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa ma update, ndipo update yaikulu ya chaka ndi chaka kawirikawiri muyenera kuiika pamanja. Mpandawo umathanso kukwera: 24H2 inayamba kufuna purosesa yodziwa malamulo a SSE4.2, ndipo makina akale kwambiri sayaka nayo ngakhale mutachenjera bwanji. Pa kompyuta yapanyumba yoseweretsa ndingayese. Pa imene ndimadyerapo, ayi.

Linux, dongosolo lina loyendetsera kompyuta, ndi kumene ambiri akuyang'ana, ndipo pa nkhani ya ma update ili ndi zabwino zenizeni. Siidzizimitsa yokha. Mumasankha nthawi, ndipo ma update ambiri safuna kuyatsanso makina. Kernel, mtima wa dongosololi, yatsopano ikavuta, yakale imakhala ilipo pa GRUB, mndandanda umene umaoneka poyatsa. Linux Mint imabwera ndi Timeshift yojambula dongosolo lonse musanasinthe kanthu, openSUSE imachita zofanana ndi Snapper. Koma Linux si imodzi. Ubuntu LTS imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kuthandizidwa zaka zisanu, ndipo Mint yamangidwa pamwamba pake. Debian ndi yodekha kuposa apo. Fedora imasintha miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Arch ndi anzake amalandira zatsopano tsiku ndi tsiku, ndipo amafuna munthu wokonda kuwerenga asanadine. Mu Marichi 2024, pamene injiniya Andres Freund anatulukira khomo lachinsinsi limene linabisidwa mu pulogalamu ya xz, linali litafika m'ma Linux othamanga ndi oyeserera okha, odekha aja lisanawafike. Amene akuthawa mavuto a update n'kukalowa mu Arch wathawa mvula n'kugwera mumtsinje.

Mavuto a Linux ali pena. Microsoft Office ndi Photoshop za pa kompyuta sizigwira mwachindunji, ndipo LibreOffice, imene imalowa m'malo mwa Office, nthawi zina imasokoneza maonekedwe a zolemba zovuta zochokera mu Word. Ma driver a NVIDIA ndi makadi ena a Wi-Fi amatha kuvuta kernel ikasintha. Ubwino wake mukhoza kuiyesa kuchokera pa flash osakhudza disk yanu, muone ngati Wi-Fi, mawu ndi pirinta zikugwira. Amene akufuna kusunga Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi adziwe kuti anansi awiriwa amapondana. Mu Ogasiti 2024 update ya Windows yokhudza Secure Boot, chitetezo cha poyatsa makina, inalepheretsa Linux kuyaka pa makina ena otere.

ChromeOS, dongosolo la kampani ya Google, ndiyo inathetsa vuto la ma update mwaluso kuposa onse. Imasunga makope awiri a dongosolo, n'kuika update pa limene silikugwira ntchito, ndipo yatsopanoyo ikakana kuyaka imabwerera ku yakale yokha. ChromeOS Flex, imene inatuluka mu 2022, ikhoza kuikidwa pa laputopu zakale. Koma moyo wake wonse uli mu browser. Ngati ntchito yanu ili kunja kwa browser, kapena intaneti yanu ndi yodukaduka, siikukwanirani.

Kugula Mac chifukwa chothawa ma update sindikuona nzeru yake. Mavuto amachepako poti Apple imapanga yokha makina ndi dongosolo lake, koma taona kale kuti sakutha. Nayonso imasiya zakale: macOS Catalina ya 2019 inaleka kuyendetsa mapulogalamu a 32-bit, ndipo macOS Tahoe ya 2025 ndi yomaliza kwa ma Mac a purosesa ya Intel.

Nanga kwa ndani, iti?

Kwa wophunzira kapena aliyense wa kompyuta imodzi yodalira, ndingati dikirani sabata pa ma update a mwezi, miyezi ingapo pa aakulu, ndipo musalole update iliyonse usiku woti mawa lake mupereka ntchito. Kwa kholo kapena wachibale amene mumamusamalira kompyuta muli kutali, siyani zizichitika zokha, koma muyatse backup ndi kusunga kiyi ya BitLocker inuyo. Mu ofesi ya makompyuta khumi, sankhani imodzi kapena ziwiri zizilandira poyamba, zinazo zizitsatira patatha masiku angapo, ndipo yosungira mabuku a ndalama ikhale yomaliza. Amene makina ake akanidwa ndi Windows 11 ayese Mint pa flash asanaganize zogula ena.

Tibwerere ku sikirini ija yoima pa 30 peresenti. Nambala imeneyo siyenda mofanana ndi ntchito, imatha kuima nthawi yaitali kenako n'kulumpha. Pa kompyuta ya hard disk yakale yozungulira, update yaikulu imatha kutenga maola angapo pamene ya SSD, disk yamakono yachangu, ikanatha mu theka la ola. Lumikizani chaja kuti batire isathere panjira, chifukwa kuzima kwa mphamvu pakati pa update ya firmware ndi kumene kumapha makina kwenikweni. Onani ngati kanyali ka disk kakuphethira, mverani ngati fani ikusintha liwu. Ngati padutsa maola awiri kapena atatu popanda chilichonse chosuntha, gwirani batani lozimitsira kwa masekondi khumi, dikirani pang'ono, muyatsenso. Kawirikawiri Windows imazindikira kuti update sinathe ndipo imabweza yokha zimene inasintha. Ikatero, musaiyesenso nthawi yomweyo. Koperani kaye mafayilo anu, lembani nambala ya KB imene yakanayo, mukaifufuze pa tsamba la mavuto odziwika.